Fayilo ya status ya dpkg yawonongeka, apt ikukana chilichonse: ndiyambire pati?

kadzidzi_wa_usiku
Moni nonse abale. Ndili pa vuto ndi seva ya Linux ya Debian 12. Ndimachita apt upgrade, lamulo lokweza mapakeji (mapulogalamu oikidwa) kupita ku version yatsopano, ndiye magetsi anathima ntchito ili mkati. Nditayatsanso, makina adzuka bwinobwino, mapulogalamu ambiri akuyenda, koma apt yakaniratu. Lamulo lililonse limene ndingalembe ikundiyankha chonchi:

E: Encountered a section with no Package: header
E: Problem with MergeList /var/lib/dpkg/status
E: The package lists or status file could not be parsed or opened.

Nayo dpkg, chida chimene apt imadalira poika mapakeji, ndikalemba dpkg -l ikudandaula za fayilo yomweyo. Sindingaike pakeji, sindingachotse, ngakhale kungoona mndandanda sizikutheka. Pa sevayi pali database ya kuntchito komanso makonzedwe amene ndinawakhetsera thukuta, ndiye zofufuta zonse n'kuyambiranso ndikuziopa. Sindinakhudze kanthu. Ndithandizeni chonde.

mphepo_zinayi
Fufutani zonse za mu /var/lib/apt/lists kenako apt update. Ine zimandithera pomwepo.

gogo_debian
@mphepo_zinayi, zimenezo zimagwira ngati uthengawo ukutchula fayilo ya mu lists. Werenganinso, apa ukutchula /var/lib/dpkg/status, ndipo ziwirizi ndi zosiyana kutalitali. Za mu lists ndi mndandanda wa mapakeji amene alipo ku ma repository, nkhokwe za mapakeji, ndipo mutha kuzikoperanso pa intaneti nthawi iliyonse. Status ndi kaundula wa zimene zaikidwa pa makina a achimwenewa okha: dzina la pakeji, version yake, ngati inamaliza kuikidwa kapena inathera panjira, ndi mafayilo a makonzedwe amene ndi ake. Palibe seva ya Debian kulikonse imene ikusunga kope la kaundula ameneyu.

Achimwene a kadzidzi, mwachita bwino kusakhudza kanthu. Musanakonze chilichonse, sungani kaye zimene zilipo, ngakhale zowonongekazo:

cp -a /var/lib/dpkg /var/backups /var/log/dpkg.log /var/log/apt kupita ku flash kapena disiki ina.

Ndikuti disiki ina dala, osati yomweyo. Mukatero tiuzeni zimene ls -l ikuonetsa pa /var/lib/dpkg/status, pa status-old ya m'foda yomweyo, ndi pa mafayilo onse a mu /var/backups oyamba ndi dpkg.status.

fulumira_bho
Njira yachidule: mv status kwina, touch status yatsopano, apt update. Uthenga uja umasowa nthawi yomweyo.

nyenyezi_ya_maseva
Ayi ndithu, musayerekeze. Uthengawo umasowadi, koma chifukwa chake n'choti dpkg tsopano ikukhulupirira kuti pa makinawo palibe pakeji ngakhale imodzi, ngakhale libc6 imene, library imene pafupifupi pulogalamu iliyonse imadalira. Mukadzati muike kapulogalamu kakang'ono, apt idzafuna kukoka theka la sisitimu yonse ngati yatsopano, ndipo zokonza za chitetezo sizidzabweranso chifukwa sikudziwa zoti ikonze chiyani. Ndinalandirapo seva imene munthu wina anaichita zimenezi kalekale. Kunja inkaoneka yabwinobwino, koma openssl yake inali isanasinthidwepo kuyambira tsiku limenelo. @fulumira_bho, chonde langizo limeneli musamalipereke kwa anthu.

fulumira_bho
Ine ndinazichita pa laputopu ndipo ikuyendabe mpaka pano.

nyenyezi_ya_maseva
Lembani dpkg -l | wc -l pa laputopupo, kenako muwerengenso mafayilo othera ndi .list mu /var/lib/dpkg/info, muyerekeze manambala awiriwo. Mudzaona nokha kuchuluka kwa mapakeji amene alibenso mwini.

kadzidzi_wa_usiku
Zikomo agogo, ndakopera zonse pa disiki yapadera. Status ilipo ndipo kukula kwake kukuoneka kwabwino, koma nditaitsegula ndi less, pakati penipeni pali chigawo chachikulu chodzaza ndi zizindikiro za ^@ zokhazokha. Status-old nayo ili ndi vuto lomwelo, pamalo ena. Mu /var/backups muli dpkg.status.0, kenako dpkg.status.1.gz mpaka dpkg.status.6.gz. Ya 0 ndi ya upgrade isanachitike ndipo ikuwerengeka bwino kuyambira pamwamba mpaka pansi.

gogo_debian
Ndiye nkhani yapepuka. Ma ^@ amenewo ndi ma byte opanda kanthu, malo amene zolembedwa sizinafike pa disiki kapena zalephera kuwerengeka. Makope a mu /var/backups amapangidwa okha tsiku ndi tsiku, kale kudzera mu cron, pa Debian 12 kudzera mu dpkg-db-backup.timer ya systemd, ndipo kope latsopano limabwera pokhapokha fayiloyo itasintha. Ya 0 ndiye yaposachedwa kwambiri.

Musathamangire kuiika m'malo mwake. Iyeseni kaye pambali. Pangani foda, tinene /tmp/yesa, mkati mwake mupangenso mafoda awiri opanda kanthu, updates ndi info. Koperani dpkg.status.0 mmenemo n'kuitcha status. Kenako:

dpkg-query --admindir=/tmp/yesa -W

Ikatulutsa mndandanda wonse osadandaula, kopelo ndi lamoyo. Werenganinso ndime zake ndi grep -c '^Package:' muyerekeze ndi mafayilo a .list mu /var/lib/dpkg/info. Manambalawo sayenera kufanana ndendende koma asatalikirane kwambiri.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala ndi foda ya /var/lib/dpkg/updates. Pogwira ntchito, dpkg silemba status yonse pa sitepe iliyonse. Imalemba timafayilo ta manambala, 0000, 0001 ndi kumapitirira, kenako n'kudzatiphatikiza mu status. Popeza kwanu ntchito inadukira panjira, mmenemo mukhoza kukhala timafayilo totsalira, ndipo dpkg ikangoyamba idzatiwerenga. Titseguleni kamodzikamodzi. Timene tili ndi ma ^@ kapena topanda kanthu tisunthireni kunja kwa fodayo. Mukatero:

cp /var/backups/dpkg.status.0 /var/lib/dpkg/status
dpkg --audit
dpkg --configure -a

Mutibweretsere zimene --audit yanena musanapitirire.

kalulu_root
Ine ndinene zoona, ntchito yonseyi ndi yotaya nthawi. Seva ikafika poti kaundula wake ndi wokayikitsa, ine sindiikhulupiriranso. Sungani /etc, /home ndi database, ikani Debian yatsopano, mubwezere. Mukudziwa bwino chimene muli nacho. Zosoka zigambazi mudzapeza mavuto ake miyezi ikubwerayi, pamene simukuyembekezera.

gogo_debian
@kalulu_root, sindikukutsutsani kotheratu. Pali nthawi imene kuyambiranso ndiye nzeru, makamaka foda ya info ikapita yonse. Koma funso ndi ili: mukaika Debian yatsopanoyo, muikamo mapakeji ati? Mndandanda wake uli mu kaundula yemweyu. Ndiye ngakhale munthu atasankha njira yanu, kupulumutsa status kumabwerabe poyamba.

kalulu_root
Mndandanda mutha kuupeza mu /usr/share/doc. Pakeji iliyonse ya Debian imasiya foda ya dzina lake mmenemo.

gogo_debian
Zoona, malamulo a Debian amafuna kuti pakeji iliyonse ikhale ndi fayilo ya copyright mmenemo, ndipo njirayo imapulumutsa anthu pamene zonse zatayika. Koma imakupatsani maina okha. Sikuuzani version, sikuuzani pakeji imene munaitsekera ndi hold kuti isasinthe, sikuuzani imene munaika nokha ndi imene inangotsatira inzake. Achimwenewa ali ndi kope labwino m'manja, palibe chifukwa chotsikira kumeneko.

chipewa_chofiira
Pepani kulowerera, koma kwa ife a Fedora ndi RHEL, mitundu ina ya Linux, nkhani imeneyi tinaizolowera. Kale kaundula wa RPM, mnzake wa dpkg kwathu kuno, ankakhala mu Berkeley DB, mu /var/lib/rpm, ndipo yum, mnzake wa apt, ikaphedwa pakati pa ntchito zinkasokonekera kawirikawiri. Tinkafufuta mafayilo oyamba ndi __db kenako rpm --rebuilddb, basi. Kuchokera pa Fedora 33 mu 2020 anasamukira ku SQLite, fayilo yake ndi rpmdb.sqlite, ndipo pa Fedora 36 anaisunthira ku /usr/lib/sysimage/rpm. Kuyambira pamenepo zosokonekerazi ndikuziona mwa apo ndi apo. Ndimadabwa kuti Debian ikadali pa fayilo ya malemba wamba.

nyenyezi_ya_maseva
Malemba wambawo ndi amene akuthandiza lero. Achimwenewa atsegula ndi less n'kuona ndi maso awo pamene pawonongeka. Kukanakhala kuti palibe kope, akanatha kudula ndime zowonongekazo ndi nano n'kutsala ndi zabwinozo. Komanso anthu amaganiza kuti --rebuilddb imafufuza disiki yonse n'kupeza zimene zinaikidwa. Sichoncho. Imangomanganso kuchokera ku zolembedwa za mapakeji zimene zikadali mu kaundulamo. Pa Berkeley DB, fayilo ya Packages ikafa, --rebuilddb inalibe chotolera.

chipewa_chofiira
Pamenepo mwanena zoona achemwali. Zikafika apo timadalira dnf history ndi ma log kuti tipeze maina, kenako rpm ndi --justdb, imene imalemba pakeji mu kaundula osakhudza mafayilo a pa disiki. Ndi ntchito yowawa, sindikana.

uta_ndi_muvi
Ku Arch pakeji iliyonse ili ndi foda yakeyake mu /var/lib/pacman/local, mkati muli desc, files ndi mtree. Magetsi akathima amawonongeka ndi mapakeji okhawo amene amalembedwa nthawiyo, ena onse amatsala bwino. Zikatayika zonse, /var/log/pacman.log ili ndi mbiri yonse, ndipo pacman ili ndi --dbonly yofanana ndi --justdb yanuyo. Ine ndimaona kuti kagawidwe kameneka ndi kabwino kuposa kuunjika zonse mu fayilo imodzi.

mwana_wa_sukulu
Funso lapambali akuluakulu. Pa Windows zoterezi zimachitikanso? Ndili ndi pulogalamu imene ikukana kuchotsedwa, ikuti fayilo ya installer sikupezeka.

nyenyezi_ya_maseva
Zimachitika. Windows imasunga mndandanda mu registry, ndipo makope a mafayilo a MSI amakhala mu C:\Windows\Installer. Anthu ena amafufuta fodayo pofuna malo, kenako mapulogalamu amakana kuchotsedwa kapena kusinthidwa. Kawirikawiri kupeza installer ya version yomweyo n'kuiyendetsanso kumathandiza. Koma tsegulani mutu wanuwanu kuti tikuthandizeni bwino, apa tisasokoneze nkhani ya achimwenewa.

kadzidzi_wa_usiku
Ndabwera. Kuyesa pambali kuja kwayenda bwino. Mu updates munalidi timafayilo, kena kanali kopanda kanthu, ndakasuntha. Ndabwezera status ndipo dpkg -l yayambanso kugwira ntchito. Mtima wakhalako pansi. Koma pali zachilendo. Dpkg ikuonetsa version yakale ya mapakeji ena pamene mapulogalamu enieniwo akunena version yatsopano. Komanso pa mapakeji angapo ikuchenjeza kuti files list file missing, assuming package has no files currently installed. Kodi ndawononganso china?

gogo_debian
Simunawononge kanthu, zimenezi timaziyembekezera. Kaundula mwamubweza ku nthawi ya upgrade isanayambe, koma mafayilo a pa disiki anapita kale patsogolo. Ntchito yatsala ndi kuziyanjanitsa, ndipo apa ndi pofunika kudekha kwambiri.

Tsegulani /var/log/apt/history.log, pitani kumapeto. Mupeza mizere ya Upgrade, Install ndi Remove ya ntchito imene inadukayo. /var/log/dpkg.log ili ndi tsatanetsatane, sitepe iliyonse ndi nthawi yake, ndipo ikuonetsani pakeji imene inali m'manja pamene magetsi amathima. Mapakejiwo agaweni patatu.

Amene amakwezedwa version ndi osavuta. Popeza dpkg ikuganiza kuti akadali akale, apt upgrade idzawaikanso pamwamba pa omwe alipowo, ndipo kaundula ndi disiki zidzagwirizana. Mwayi wina ndi woti mafayilo a .deb amene munakopera ayenera kuti akadali mu /var/cache/apt/archives, poti ntchitoyo sinafike kumapeto. Apt imaona checksum ya iliyonse, yowonongeka idzaikoperanso.

Amene anali atsopano, monga kernel yatsopano imene imabwera ndi dzina lakelake, mu status yakaleyi mulibe, ngakhale mafayilo ake ali pa disiki. Amenewo alembeni maina ndi apt install kuti alowe mu kaundula.

Ovuta ndi amene akuchenjeza za files list. Fayilo ya .list ndi imene imauza dpkg kuti mafayilo ati ndi a pakeji iti. Ikasowa, mukadzachotsa pakejiyo dpkg idzangofufuta dzina mu kaundula koma mafayilo onse n'kutsala. Njira yake ndi apt install --reinstall ndi dzina la pakejiyo. Ikakana kuti version imeneyo sikupezekanso ku repository, musadandaule, ikwezeni kupita ku yatsopano, .list idzalembedwanso.

Yambani ndi apt --fix-broken install, koma werengani bwinobwino zimene ikufuna kuchita musanavomere. Mukaona ikufuna kuchotsa mapakeji ambirimbiri, kanani, mubwere nazo kuno. Kumapeto yendetsani dpkg --verify, imene imayerekeza mafayilo a pa disiki ndi ma md5sums osungidwa mu info. Mafayilo a mu /etc amene munasintha nokha adzatuluka pamndandanda, zimenezo si vuto. Koma mukaona za mu /usr/bin kapena /usr/lib, pezani mwini wake ndi dpkg -S n'kuikanso pakejiyo.

mphepo_zinayi
Apt ikadandaula za lock, loko woletsa mapulogalamu awiri kulemba mu kaundula nthawi imodzi, fufutani /var/lib/dpkg/lock ndi lock-frontend.

gogo_debian
Pokhapokha mutatsimikiza kuti palibe apt kapena dpkg ina imene ikuyenda. Onani ndi fuser kapena lsof pa mafayilowo. Nthawi zambiri amakhala unattended-upgrades, okweza mapakeji mwa okha, akugwira ntchito yake kuseri, ndipo mukafufuta lock, mapulogalamu awiri amayamba kulemba mu kaundula mmodzi nthawi imodzi. Kumeneko ndi kumene ma status ambiri amafera. Ndiponso makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso, lock yakale imamasuka yokha ngakhale fayiloyo ikuonekabe.

nyenyezi_ya_maseva
Ine pali chimene chikundivutitsa maganizo kuyambira pamene achimwene ananena kuti status-old nayo ili ndi ma ^@. Tonse tavomereza kuti olakwa ndi magetsi, koma taganizirani mmene dpkg imalembera. Silemba pamwamba pa status. Imalemba fayilo yatsopano, status-new, n'kuumiriza ndi fsync kuti ifike pa disiki penipeni, kenako yakale ija imasanduka status-old ndipo yatsopano imatenga dzina. Anazikonza choncho dala kuti magetsi akathima mutsale ndi imodzi yathunthu. Ndiye kuti ziwiri zonse ziwonongeke, pali china. Mwina disiki imanama kuti yalemba pamene zinthu zikadali mu cache yake, mwina wina anagwiritsa ntchito eatmydata imene imaletsa fsync pofuna liwiro, mwina disikiyo ikufa.

Achimwene, musanaikenso mapakeji ambirimbiri, onani izi: df -h ndi df -i ngati malo sanathe, dmesg ngati muli I/O error, komanso smartctl -a ya mu smartmontools, yoonetsa thanzi la disiki. Pa disiki ya SATA yang'anani mizere ya 5 Reallocated_Sector_Ct, 197 Current_Pending_Sector ndi 198 Offline_Uncorrectable. Database ya kuntchito ija ili pa disiki yomweyo, ndiye ine ndikuda nkhawa ndi imeneyo kuposa apt.

uta_ndi_muvi
Pa filesystem ya Btrfs ndi chida cha snapper mukanangobwerera ku snapshot, chithunzi cha mmene mafayilo analili upgrade isanayambe, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

nyenyezi_ya_maseva
Snapshot imathandiza pa upgrade yoduka, ndikuvomereza, chifukwa imabweza kaundula ndi mafayilo limodzi. Koma imakhala pa disiki yomweyo. Disiki ikamafa imapita nayo.

kadzidzi_wa_usiku
Achemwali munalondola. Eatmydata palibe, malo alipo ambiri, koma dmesg ili ndi mizere ya I/O error, ndipo pa smartctl mzere wa 197 ndi wa 198 suli pa 0. Smartmontools inalipo kale, sindinaike chatsopano. Ndaimitsa zonse za apt. Database ndaitulutsa kale dump, kope lake lonse, n'kuiika pa disiki yapadera ija, ndipo yatuluka yonse popanda kudandaula. Tsopano ndichite chiyani, ndikopere disiki yonse kapena ndiike Debian yatsopano pa disiki ina monga ananenera a kalulu_root?

kalulu_root
Yatsopano basi. Panopa muli ndi status yowerengeka, ndiye tengani mndandanda: apt-mark showmanual ikupatsani amene munaika nokha, dpkg --get-selections ikupatsani onse pamodzi ndi a hold. Sungani mndandanda wa ma repository a mu /etc/apt ndi makiyi ake. Pa disiki yatsopano ikani amanual aja, ena adzatsatira okha.

gogo_debian
Apa ndikugwirizana ndi a kalulu_root. Poyamba ndimakana chifukwa vuto limaoneka ngati la fayilo imodzi. Disiki ikakhala ndi ma sector osawerengeka, simungadziwe mafayilo ena angati amene ali ndi mabowo, ndipo dpkg --verify imaona okhawo a mapakeji, osati zanu. Komabe kopelani disiki yakaleyo kaye. Zimitsani seva, dzutsani ndi live USB, gwiritsani ntchito GNU ddrescue, yokopera disiki yodwala, pa Debian pakeji yake ndi gddrescue. Ipatseni mapfile kuti ikaduka ipitirire pamene inalekera. Imayamba ndi malo owerengeka bwino n'kudzalimbana ndi ovutawo pambuyo, pamene dd wamba imaima ikakumana ndi vuto. Fsck, yoyesa ndi kukonza filesystem, muiyendetse pa kopelo, osati pa disiki yodwalayo. /etc ndi /home muzitenge kuchokera ku kopelo.

kadzidzi_wa_usiku
Ndamva. Mindandanda yonse iwiri ndaisunga. Chimene ndaona n'choti showmanual ikutulutsa maina ochuluka zedi, ndi ma library omwe amene sindinawaikepo ndi dzanja langa. Zili bwino zimenezo?

nyenyezi_ya_maseva
Ena oterowo amakhalapo kuchokera pa kuika koyamba, koma akachuluka choncho onani /var/lib/apt/extended_states. Chizindikiro choti pakeji inabwera yokha potsatira inzake sichikhala mu status, chimakhala mu fayilo imeneyo, ndipo apt imailembanso pa upgrade. Ngati nayo yawonongeka kapena yatsala yopanda kanthu, pakeji iliyonse imaoneka ngati munaika nokha. Kope lake liri mu /var/backups momwemo, dzina lake apt.extended_states.0. Itseguleni muone ngati ili ndi ndime za Auto-Installed: 1, muibwezere, kenako muyendetsenso apt-mark showmanual. Mndandanda umene utuluke pamenepo ndi umene mupite nawo ku disiki yatsopano.